Phunziro la pa Mbare

Ndinatsika kombi ya ku Mount Pleasant
ndi buku lolemera ngati njerwa,
mawu ake onse ovala tayi.
Wedisoni Kamphale, wokankha ngolo,
mdzukulu wa matchona a ku Dedza,
anandifunsa: “Aphunzitsi, likuti chiyani?”

Ndinatchula anzeru akutsidya kwa nyanja.
Iye anayasamula.

Ndinayesanso: “Likuti tisanawonjezere shuga
mu tiyi wa amene akuseka kale,
tiyambe tazula munga
kuphazi kwa amene akutsimphina.”

“Basi? Masamba onsewo?”

“Likutinso ululu sufunsa chitupa,
suwerenga miyendo, sunyoza nthenga.”

Anangoti zii.
M'ngolo munali nkhuku zisanu za eni ake,
zomangidwa miyendo, kukamwa yasa,
padzuwa la Okutobala.
Dola imodzi kukazitula ku Magaba.

Anadula botolo pakati, nathiramo madzi,
nafewetsa mfundo za chingwe,
navula jekete kuti likhale mthunzi.

“Ziphedwabe madzulo,” anatero,
“koma ludzuli ndi la masana ano.”

Msewu wake ngwamaenje.
Buku lija tinatsamiritsirapo botolo
kuti madzi asatayike.