Nambala Seventini

Pa fomu panali timabokosi,
kabokosi kalikonse chilembo chimodzi,
ndipo dzina langa linasefukira kunja
ngati Lunkhwakwa mu Januwale.
Mtsikana wa mu ofesi anati, "Musadandaule amayi,
dzina si kanthu, tikufuna manambala."

Anafotokoza akuloza ndi bolopeni:
kampani yamanga nyumba makumi anayi kuseri kwa Kanjala,
boma laipepusira msonkho,
iyonso yatipepusira lendi.
Ndinati, nanga ine wodula chiphaso tsiku ndi tsiku ku Kapata,
ngakhale tsiku loti sindinasoke ndi batani lomwe,
msonkho wanga adzaupepuse ndani?
Anaseka.
Nanenso ndinaseka, poti ndinkafuna nyumba.

Umphawi nawo uli ndi saizi yake.
Ine telala ndimaidziwa tepi:
ukanenepa diresi limakukana,
ukaonda limakuvula pamsewu.
Wanga unakwana ndendende,
chifukwa cha mayunifomu a sukulu ya ku Katopola
ndi malisiti amene ndinkaponya m'chitini cha mabisiketi
osadziwa kuti ndikuunjika njerwa.

Tisauke sanakwane.
Zaka zisanu ndi zinayi tinagawana chimbudzi chimodzi ku Mchini,
chingwe chimodzi choyanikira,
ndi kagogodedwe ka aShawa mwezi ukangotha,
katatu, kenako kachifuwa kabodza.
Tomato salemba lisiti.
Anamuuza kuti ndalama zake sizioneka papepala.
Anayang'ana m'manja mwake, namanga chitenje,
nati, "Tiye, malonda anga akupsa ndi dzuwa."

Tsiku losamuka Layitoni anamangirira makina anga panjinga
ngati wodwala wopita kuchipatala.
Tisauke ndiye anasenza mbaula ndi matilesi,
ali patsogolo, ngati njira akuidziwa ndi iye.
A m'mipanda yaitali anatisuzumira pa mageti.
Ndinamva kuti analembera khonsolo kalata
yoti a m'komboni tidzabwera ndi mbuzi,
mawailesi, ndi maliro aphokoso.
Mbuzi ndilibe.
Za maliro sindingalonjeze.

Mpopi uli mkati.
Mwanawanga Mayeso anautsegula, nautseka, nautsegula,
mpaka ndinamukalipira ndi mawu a aShawa,
ndipo ndinadzidzimuka kuwamva akutuluka m'kamwa mwanga.
Kiyi ndinamumanga pa ulusi wa buluu m'khosi.
Usiku woyamba ndinadzuka kawiri kukayesa chitseko,
osati kuopa akuba,
kungofuna kumva chikundivomera.

Patsamba lachinayi, pansi penipeni,
pomwe zilembo zachepa ngati nyerere za m'shuga,
akuti pangano ndi la zaka khumi ndi zisanu.
Zikatha, kampani idzakhala italipira ngongole yake ya chifundo,
lendi idzatsata msika.
Ndawerengera zala: Mayeso adzakhala ndi ndevu,
ine diso la singano lidzakhala litandithawa.
N'chifukwa chake kuseri ndabzala papaya.
Mango amachedwa,
ndipo sindikufuna kubzalira mlendo mthunzi.

Mlendoyo mwina ndi ine.

Loweruka Tisauke anabwera dzuwa litapendeka,
nasiya tomato anayi osweka pawindo.
Anasamba nthawi yaitali.
Ndinamva madzi akugwa, iye osaimba, osatsokomola,
ndipo sindinagogode.
Atatuluka anakweza mutu kuyang'ana siling'i yoyera,
thaulo lili paphewa,
nafunsa, "Kodi mvula ikamagwa
imamveka bwanji muno?"

Ndinati, "Bwinobwino,"
ndikupinda mpendero wa siketi ya mwini.

Sindinamuuze kuti siimveka.
Kuti Lachitatu inagwa usiku wonse
ine ndili maso, beseni lili m'manja,
ndikuzungulira zipinda ziwirizi mumdima
kufunafuna podontha,
ndi kuti nditapasowa
ndinakhala pansi pakhitchini
n'kuyamba kuwerenga mabowo a denga la ku Mchini,
limodzilimodzi, monga ndikuwadziwira,
mpaka lija la pamwamba pa bedi lake.