Chilembo Chowonjezera

Ku doko la Esbjerg ndimagwira ntchito m'mwamba,
m'kachipinda kagalasi pansonga pa kileni,
kunyamula mapiko a makina opukusa magetsi ndi mphepo.
Maola asanu ndi atatu nditakhala, miyendo ili duu.

Ndine wamtali chiyambire.
Kusukulu ankanditcha Mlongoti.
Amayi ankamasula mipendero ya mathalauza anga
mpaka nsalu inatha.
Ndevu zinabwera mochedwa, zochita kuwerenga,
ndipo palibe anafunsa chifukwa.

Ine ndi Solvejg tinadikira mwana zaka zisanu ndi chimodzi.
Kenako dokotala anatembenuza pepala kuti ndilione:
timizere tandanda tiwiritiwiri
ngati nsapato pakhomo la sukulu ya mkaka,
ndipo kumapeto, pomwe amuna anzanga ali ndi X ndi Y,
panali X winanso,
mlendo amene analowa ndisanabadwe, osaodira.
Ena makromozomu makumi anayi ndi asanu ndi limodzi.
Ine, kuwonjezapo limodzi.

Tinalira za mwana.
Za mtima mwina anatiuza, sindikumbuka.
Khutu la wolira limasankha.

Patapita zaka khumi ndi ziwiri, mu Novembala,
katumba wa mwendo wamanzere anatupa,
kutentha ngati buledi wongophula kumene.
Ndinati ndi jombo zantchito.
Lachitatu, potsika makwerero a kileni,
mpweya unandithawa pa sitepe ya makumi atatu.
Ndinakhala pachitsulo chozizira,
mbalame za kunyanja zikulira kunsi kwa mapazi anga,
Preben akukuwa pa wailesi:
Ejvind, watani? Ejvind!

Magazi anaundana mumtsempha,
kachidutswa kenaka kananyamuka ulendo
kukatsamira m'mapapo.

Dokotala Thyra sanathamange.
Anakoka mpando, nakhala.
Chilembo chija, anatero, sichitseka khomo la ana lokha.
Chimaitanira mafuta pamimba,
minofu nkumaphwa,
shuga nkumangozungulira m'magazi
ngati sitima yosowa pokocheza,
chifukwa thupi lagontha, silimva insulini akagogoda.
Magazi ako sachedwa kugwirana.
Anandizinga tepi m'chiuno
ngati akufuna kundisokera suti,
nalemba nambala imene sindinaikonde.

Ndinakwiya.
Osati ndi iye. Ndi zaka zonse zija
zimene ndinkadzitcha waulesi,
ndikamagona pampando dzuwa lisanalowe.

Tsopano m'mawa uli ndi malamulo ake.
Ndimapaka tesitositeroni m'mapewa,
nkudikira aume ndisanamukumbatire Solvejg.
Ndimabaya chala, kadontho kamodzi,
kamakina nkundiuza za chakudya cha dzulo
mosabisa mawu.
Mapilisi atatu. Masokosi othina ofika m'mawondo,
ovala motukwana.
Makeke a Lachisanu ndinamusiyira Preben,
ine buledi wakuda ndi nsomba.
Galimoto imatsala. Ndimapalasa njinga
kulimbana ndi mphepo ya kumadzulo
imene sinagonjepo kwa munthu aliyense.

M'mwamba muja, ola likakwana
ndimaimirira, mutu kugunda denga,
nkumanyang'ama ngati mwana wosuzumira pampanda,
kukumbutsa magazi kuti njira ikadalipo.

Akuti ambiri a ife sadziwa.
Amakalamba, amadwala shuga, ena amagwa pamakwerero,
pepala lija osalionapo.
Kukantini kuli mnyamata watsopano, Laurits,
miyendo yosakwana pansi pa tebulo,
masaya osalala, kuyasamula pafupipafupi.
Mwina ndi wamtali chabe.
Kawiri konse ndanyamula khofi wanga kupita komwe wakhala,
kawiri konse ndakamba za mphepo.
Funso lotere ungaliyambe bwanji?

Usiku Solvejg amaika khutu pachifuwa panga.
Amati sakumvetsera kanthu, akungopumula.
Koma ndimamva milomo yake ikuyenda pakhungu langa,
akuwerenga.
Akafika pa makumi anayi ndi asanu ndi awiri
sasiya.