Lamba wa Pansi pa Chibwano

Ndakumva, Sungeni.
Ukuti helemeti ikununkha thukuta,
ikuphwanya tsitsi limene amayi ako analuka dzulo
mpaka zala kuchita dzanzi,
ndipo anzako a m'kalasi akumakuseka
kuti wavala mphika.
Aseke.
Njingayi sindiiliza
ndisanamve lamba akuti tcha! pansi pa chibwano chako.

Ukuwadziwa a Ajibu,
aja amakhala pa benchi kuseri kwa sitolo ya simenti,
amene amakufunsa dzina katatu
usanamalize kugula shuga.
Tinkaima limodzi pa siteji ya Kamuzu Road.
Munthu uja ankasunga m'mutu manambala a foni makumi anayi,
ngongole za makasitomala onse,
ndi tinjira tachidule ta ku Lifuwu nyengo ya matope.
Helemeti anali nayo,
yofiira, yatsopano,
koma ankaikoloweka pa chigongono ngati dengu,
kuisungira apolisi.

Sankathamanga tsiku lija.
Inali mbuzi chabe, pafupi ndi njanji,
ndi kamchenga kamene mvula inasiya paphula.
Chigongono chinapulumuka, osakalika n'komwe.

Kuchipatala adokotala anakweza chithunzi cha mutu pawindo,
nandilozera kamng'alu
kowonda ngati tsitsi limodzi la pamutu pakopo.
Anati fupa lilumikizana,
koma zam'katimo n'zofewa ngati peyala lakupsa,
zikagunda khoma sizibwerera mwakale.
Njinga yawo ndinaikonza ndine:
nyali, tcheni, galasi la kumanja,
masiku atatu inali pamsewu.
Eni ake chaka chachisanu chino
akufunafunabe dzina la mwana wawo woyamba.

Sindikuopseza, mwanawe.
Inenso ndili ndi mlandu wanga:
uli wakhanda ndinkakukhazika pa thanki,
mphepo ikukutsegula kukamwa,
ine n'kumanyadira kuti mwana wa kabaza saopa.
Ndikakumbuka, mawondo amandiwezuka.

Ndiye bwera kuno, ima njo.
Iyi ndi yako, si yanga yaikulu ija yogwedera ngati beseni.
Ndinaitengera ngongole ku banki m'khonde,
ndipo ndikubwezabe.
Isapendekere kunkhongo ngati chipewa cha paukwati.
Itsitse. Ika zala ziwiri pamwamba pa nsidze, ithere pomwepo.
Pakati pa lamba ndi chibwano palowe chala chimodzi basi.
Tsopano pukusa mutu ngati ukukana ndiwo za therere.
Yagwedera? Timangenso.

Ikadzamenyetseka pansi mwamphamvu, usadzandibisire
ngati muja unabisira kapu yosweka.
Helemeti imakufera kamodzi kokha,
kachiwiri imangokhala chigoba.
Ndipo tsiku limene ine ndachedwa,
wina n'kukuitana, "Kwera, mwana wa mnzanga, m'pafupi pompa,"
iwe ulibe chovala kumutu,
kana.
Yenda pansi, uchedwe.
Kwa ahedi ndikayankha ndine.

M'mutumu muli katundu wambiri, Sungeni:
matebulo a seveni amene tinavutika nawo sabata yatha,
mayina a mitsinje, Linthipe ndi Lilongwe,
nthabwala zako zosatha bwino zija,
ndi nkhope yanga.
Mazira a amayi Nasibeko ndikawanyamula
ndimawayalira utuchi, n'kuwamanga ndi mphira kawiri.
Nanga iwe ndikunyamule pamtetete?

Tcha!
Eya, ndamva. Kwera, undigwire m'chiuno.

Ukuti chiyani?
Lankhula mokweza, chipewachi chimatseka makutu.

"Nanga lamba wanu, ababa?"

Ndagwira pakhosi.
Akulendewera, akuuluzika ngati mchira wa mbuzi ija.
Zaka zonsezi ndikulalikira pa siteji,
lero wandigwira mwana wa sitandade folo.

Tcha!

Tiye.
Tikamadutsa pa sitolo ya simenti uwabayibitse a Ajibu.
Akakufunsa dzina, auze.
Akafunsanso, auzenso.