Mvuu ya a Fulujensiyo

Ku Matundo, kuseri kwa shopu ya telala,
dzuwa likafika pofewetsa phula pamsewu,
a Fulujensiyo amakankhira makina pambali
n'kuyala bolodi la chesi patebulo lodulira nsalu.
Msilikali mmodzi wakuda adasowa kalekale,
pamalo pake pamaima batani la jekete.

"Tenga zoyera," amatero nthawi zonse,
ngati akukupatsa mpando wakutsogolo m'chapa.

Ine wa lole ya kachewere yochokera ku Ulongwe,
wozolowera kuliza hutala,
ndimaponya asilikali awiri pakati,
akavalo pambuyo pawo,
bwalo lonse n'kukhala langa.
Iwo phee.
Kamsilikali ka m'mbali, phazi limodzi.
Kena, phazi limodzi.
Bishopu walowa pangodya ngati wothawa ngongole,
mnzake pangodya inayo,
akavalo agwada kuseri kwa mpanda.
Palibe chodutsa mzere wachitatu.

"Mwayamba kusewera, kapena mukusokabe?"

Adaloza kumtsinje ndi sizasi:
"Ukakhala pamlatho paja, umaona chiyani m'Zambezi?
Timakutu tiwiri ndi mphuno.
Nyama yonse ili pansi."

Mwezi wa Okutobala wokha ndidagonja kasanu ndi kawiri.
Ndikakankha kumanja, kukamwa kumayasama kumanzere.
Ndikatseka pakati, amandisolola m'mphepete
momwe amasololera ulusi pamsoko wokhota.
Ndikati ndiime ndiganize,
ndimapeza asilikali anga afika kutali,
ndipo msilikali sabwerera m'mbuyo.
Kumene achoka kwatsala mazenera,
bishopu wa ngongole uja wasuzumira kale
m'chipinda cha mfumu yanga.

Tsiku lina lole idathyoka giya.
Chitsulo chake, akuti, chichokera ku Beira, masiku anayi.
Kachewere akutuluka thukuta m'matumba,
ine ndidatembenuza bolodi:
"Lero zakuda ndi zanga."
Adangopukuta magalasi ndi kansalu kotsala pa diresi la mwini.

Ndidachita zonse monga ndidaonera.
Phazi limodzi, phazi limodzi,
mabishopu m'ngodya, akavalo chogwada,
ngakhale batani lija ndidalisuntha mwaulemu.
Kenaka ndidapinda manja, kudikira kuti athamange.

Sadathamange.
Adayeza bolodi ngati akuyeza mapewa a mkwati,
nsanja iyi apa, inayo apo,
mfumukazi kumbuyo, osanena kanthu.
Ine mfumu kumanja, mfumu kumanzere,
kudikira.
Msilikali wawo mmodzi adagogoda pakhomo,
ndidati adutse.
Wachiwiri adakhala pakhonde.
Pamene ndinkati nditsegule kukamwa
akavalo anga anali akupondana m'khola,
mabishopu akuyang'ana misana ya abale awo,
nsagwada zitasokedwa ndi ulusi wawiri.

"Mate," adatero, motsitsa,
ngati akutchula mtengo wa zipi.

Ndidafunsa pamene ndidalakwa.
Adaluma ulusi, n'kulavula.
"Mvuu imamira, inde,
koma imadziwa nthawi yotulutsa mphuno.
Iwe udangomira."

Nanga nthawiyo munthu amaidziwa bwanji?
"Usandifunse ine. Funsa zoyera.
Aliyense wobwera ndi liwiro
amasiya chitseko china chosakhoma kwawo.
Mawa chidzakhala china, n'chifukwa chake sindilonjeza
kuti ndidzatulukira gombe liti."

Masiku ano ndikakwera mtunda wobwerera kwathu,
nditatsekeredwa kumbuyo kwa malole a malasha ku Moatize,
dzanja limapita pa hutala, n'kubwerera lokha.
Ndimayang'ana galasi, ndimawerenga makona,
phazi lili pafupi ndi mafuta, osagona.

Sabata yatha tidalepherana.
Asilikali adalumana mano pakati, popanda wolowa,
mpaka magetsi adazima m'Matundo monse.
Sadandiyamikire.
Adatola batani lija, kuliika m'kachitini ka masingano,
n'kundikumbutsa mametikali makumi asanu
a buluku limene adandipindira mu Ogasiti.