Fomu Sidziwa Zelipa

Lolemba m'mawa, mu ofesi ya zaulimi kuseri kwa msika wa Kapata,
ndaunjika mafomu a fetereza
pa tebulo lomwe mwendo wake umodzi umaponda njerwa.
Onse ndi a mimba imodzi ya ku Lusaka, mapasa mazana atatu:
dzina pamwamba, mudzi pansi pa dzina,
chitupa cha manambala asanu ndi anayi ndi timizere tiwiri topendama,
tsiku lobadwa, maekala.

Lamulo la fomu ndi lamulo la mmisiri womanga:
khomo apa, zenera apo,
m'kabokosi ka nambala musalowe chilembo.
Ukasiya mpata, kompyuta imafiira diso mpaka udzaze.
Koma mmisiri akamaliza amasamba m'manja,
safunsa amene adzagone m'nyumbamo.

Fomu ya Zelipa Shawa yadutsa ngati madzi.
Yati anabadwa mu 1994.
Ya mwana wake Akimu, yachitatu pansi pake,
yati 1989.
Zonse ziwiri ndi zaka, zonse zakhala m'malo mwake,
makina agwedeza mutu kawiri.
Ine ndiye ndaona imvi za Zelipa ku chigayo.

Gidiyoni Daka walemba maekala khumi ndi awiri.
Nambala ndi nambala, kabokosi kameza.
Mundawo ndinaupondamo, uli m'mbali mwa phiri la Kanjala:
mwana woponya mwala angaudutsitse ndi dzanja lamanzere.

Ndipo ichi chitupa,
manambala ake onse ali ndi moyo,
mwini wake tinamuika m'manda mvula ya chaka chatha.

Liripo lamulo lina, losasindikizidwa m'mizere,
lomwe limafuna mapepala awiri ayang'anane m'maso.
Mwana asatsogole amake kubadwa.
Minda ya mudzi ukaiphatikiza
isaposere dothi lomwe lili pakati pa Lunkhwakwa ndi msewu.
Chitupa chimodzi, pakamwa pamodzi, popuma.
Limeneli silimanga nyumba zonse pa chikombole chimodzi,
limagogoda khomo ndi khomo,
limatchula munthu dzina,
ndipo mawa likhoza kusintha wina akagulitsa dimba.

Cha m'ma leveni alowa a Yelemiya Njobvu,
chipewa m'manja, fumbi la njinga m'mawondo.
Tsiku lobadwa? Ati, chaka chomwe dzombe linatha mapira,
mwezi uli wowala.
Ndi zoona zenizeni, zoona zokhazo lero lino,
koma tibokosi tilipo tisanu ndi titatu
ndipo dzombe silikwanamo.

Ndawalembera 1 Januwale,
monga ndinalembera nkhalamba zina makumi anayi.
Diso la makina labiriwira.

Kenako ndatenga pensulo,
yomwe Lusaka saiwerenga,
ndipo m'mphepete mwa pepala, kunja kwa mizere yonse,
ndalemba: dzombe.
Fomu ya Zelipa ndaiika m'chikwama,
ndidzera kwawo poweruka.