Lamba wa Chikwama

Miyezi khumi ndi inayi chili kumsana,
chikwama ichi chadziwa mafupa anga kuposa mphasa iliyonse.
Lamba wakumanzere anaduka pa mlatho wa Luangwa
pamene basi inaima kuti tigule nsomba zouma.
Ndinammanga ndi legeni,
ndipo legeniyo wandidya phewa mpaka kuno.

Ku Nyimba nthochi, ku Petauke tulo,
pa Sinda ndinadzidzimuka osadziwa dziko lomwe ndili,
kondakitala akukuwa,
ine ndikumupatsa makobili a dziko lina.

Pali kutopa kumene madzi ofunda sachotsa:
kutchula dzina lako kwa alendo kasanu patsiku,
kudzuka usiku n'kumawerenga malata a denga
kuti ukumbuke ngati uli kwa ndani,
kuchapa malaya omwewo, kuwavala asanaume.

Chipata inandilandira ndi mabelu a njinga
ndi phiri la Kanjala, lomwe silinasunthe ngakhale phazi limodzi
pomwe ine ndatha nsapato ziwiri.

Yotamu ndinampeza pa Kapata, pakhonde lomwe lija,
makina osokera akulira pansi pa mapazi ake.
Anakweza mutu, singano ili kukamwa.
"Iwe, ukadali moyo?"
Basi, moni wake ndi ameneyo.
Anandivula chikwama ngati akutula mwana wogona,
nayang'ana legeni uja, napukusa mutu.

Akusoka anandiuza za anthu.
Zelipa anakwatiwa ku Chadiza, ana atatu.
Lakisoni amayendetsa lole ya thonje, mimba yatuluka.
"Nanga Fakisoni?"
Makina anaima.
"Tinamuika mvula itangoyamba.
Tinakuimbira, koma nambala yako inali kunja kwa dziko."
Makina anayambanso.
Ndinali nditamugulira chipewa, Fakisoni,
chili pansi pa chikwama, chapindika.

Usiku, ku Mchini, ana anandisendera malo pabalaza.
Ndinabwera ndi nkhani zodzaza thumba,
za madoko, za masitima, za apolisi a m'malire,
koma magetsi atazima tinakamba za mtengo wa feteleza,
za fizi ya Tisaine, za denga lodontha pakona,
ndipo nkhani zanga zinafota
ngati masamba a maungu pa dzuwa la Okutobala.
Tisaine, mano awiri akusowa kutsogolo,
anandifunsa mumdima:
"Amalume, kwanu n'kuti?"
Ndinanamizira kugona.

M'mawa ndinakwera njinga kupita ku Msekera kwa Dailesi.
Anandipeza ndi maso ndisanatsike,
naseka mpaka kugwira chipupa: "Wakuda! Waonda!"
Tinasenda nshawa pa lichero, zala zikudziwa ntchito,
pakamwa pakusowa poyambira.
Anandiitana dzina la kusukulu
limene palibe analitchula miyezi yonseyi,
ndipo china chake m'chifuwa chinamasuka
ngati mfundo yonyowa.
Sanafunse zomwe ndaona.
Anangoti, "Vula nsapato, pano si pa siteshoni."

Madzulo chikwama chinali chitapachikidwa pa msomali,
lamba atasokedwa kawiri ndi ulusi wofiira,
wolimba kuposa mnzake.
Ndinatulutsa ndalama, Yotamu anazikankha ndi chigongono.
"Udzalipira pobwerera. Ndikufuna ukhale ndi ngongole kuno."

Basi ya ku Lundazi inyamuka tambala asanalire,
tikiti ili m'thumba, yanyowa ndi thukuta.
Koma phewa langa lero lapuma,
Tisaine wavala chipewa cha Fakisoni, chikumufika m'mphuno,
ndipo Yotamu akuti maso ake sakuonanso bwino kubowo kwa singano.
Ndakhala pa benchi, ndanyowetsa ulusi ndi malovu.
Kawiri ndaphonya.
Ku Lundazi mabasi amapita tsiku lililonse.