Nsonga ya Singano

Pa Kamwendo, kuseri kwa depoti ya mtedza,
pali shedi ya malata
momwe dzina langa ndi chidindo chofiira.
Amayi ananditcha Lekeleni
koma pa ntchito sindilekerera kanthu.

Makatani alowe m'makatoni,
lilime limapunthwa ukanena mothamanga,
koma ayambe adutsa pa thebulo langa.
Ndimayeza utali, ndimakoka msoko ngati ndili nawo chifukwa,
mphete zisanu ndi zitatu za pamwamba
ndimazisisita ndi chala, kusaka dzimbiri.
Kenako ndimanunkhiza.
Chuku sichinganamize mphuno
ya munthu wokulira m'nyumba yodontha.
Kathumba ka timiyala toyamwa chinyezi kasaiwalike,
akuti pa nyanja ngakhale chitsulo chimatuluka thukuta.
Katoni yachikhumi iliyonse ndimaigwetsa dala
kuchokera m'chiuno:
chafufumimba, chammbali, chapangodya.
Kuli bwino ing'ambikire pano, pali ife tokhatokha.

Lachinayi cha m'ma folo koloko,
thiraki itaima kale pakhomo,
Chimwaza akuimba hutala kuti kukuda,
Filesi anabwera manja ali kumbuyo.
Singano yathyoka, anatero.
Zidutswa ziwiri ndatola. Nsonga sindikuiona.

Makatoni makumi anayi ndi awiri,
omata tepi, olembedwa kale dzina la mayi wina
limene sinditha kulitchula.

A Chikakuda anavula magalasi.
Kanthu kosaposa njere ya mawere, mwana iwe,
doko silidikira munthu wa ku Mchinji.
Dinda.
Chidindo chinali m'manja mwanga, chonyowa inki,
chopepuka ngati kale lonse.

Ine nyanja sindinaionepo.
Sindidziwa ngati zenera la mayi uja
limayang'ana msewu kapena phiri.
Chomwe ndikudziwa, kulikonse kuli katani
kuli mwana wobisala kuseri kwake,
mapazi ali poyera, akuseka chamumtima,
nsalu ataifumbata kumaso.

Tsegulani, ndinatero.

Tinang'amba tepi ndi lumo, ndi makiyi, ndi mano.
Maginito ochoka mu sipika yakufa
tinawayendetsa pa mpindiro uliwonse
ngati mlamba wofufuza m'matope.
Anatola mapini awiri a pepala ndi fumbi la chitsulo.
Magetsi anathima pa katoni ya makumi awiri,
tinapitiriza ndi matochi a mafoni.
Filesi amalira osatulutsa mawu,
akupinda bwinobwino chilichonse chomwe ndamasula.
Chimwaza analiza injini,
natukwana mtundu wanga wonse, napita wopanda katundu.

Katoni yotsiriza inalibenso kanthu.
A Chikakuda anatseka loko osandiyang'ana.
Za malipiro tikambirana mawa, anatero,
ndipo mawa la mtundu umenewo ndimalidziwa.

Ndinayenda wapansi, makabaza atatha.
Nditadutsa chigayo, pafupi ndi mjigo,
china chinandiluma ku chidendene cha kumanzere.
Ndinayesa chisoso, ndinayesa mwala.
Kunyumba, pa kuwala kwa kandulo,
ndinatembenuza patapata:
kanthu konyezimira, kosaposadi njere ya mawere,
kataboola mphira, kakundisuzumira.
Tsiku lonse ndinali nditakaponda ndekha.

Ndinaseka mpaka mwana anadzuka.
Zenera lathu lotchinga ndi thumba la feteleza
linagwedezeka ndi mphepo ya ku Zambia.

M'mawa ndinakamata m'buku ndi tepi
pambali pa zidutswa zinzake ziwiri.
Singano inakwana, kuyambira diso mpaka nsonga.
Filesi anasaina, ine ndinasaina.
A Chikakuda anayang'ana nthawi yaitali,
nafunsa ngati phazi latupa.

Thiraki ibweranso Lolemba.
Pali makatoni makumi anayi ndi awiri oti timatenso,
ndipo tepi yatsala mipukutu itatu yokha.